Borrow kapena lend: mugwiritse ntchito liti?

Pa Chichewa timati "ndibwerekeko khasu" komanso "ndabwereka khasu kwa a Phiri", mneni mmodzi kumagwira mbali zonse ziwiri. Chingerezi sichilola zimenezo. N'chifukwa chake "borrow me your pen", yomwe imamveka kwambiri m'kalasi, aphunzitsi amaidula ndi cholembera chofiira.

Borrow ndi kutenga chinthu cha mwini chomwe udzabweze. Lend ndi kupereka chako kuti chidzabwerenso.

Kochokera: borrow adachokera ku liwu lakale la Chingerezi lakuti borgian, lomwe tsinde lake, borg, linkatanthauza chikole. Lend adachokera ku lænan, ndipo ndi m'bale wake wa loan, ngongole ija.

Kamangidwe: borrow amatsatidwa ndi from, lend amatsatidwa ndi to. "I borrowed K5,000 from Chisomo." "Chisomo lent K5,000 to me." Ndalama ndi zomwezo, koma chiganizo choyamba chikuyambira kwa wokongola ndalamayo, chiganizo chachiwiri chikuyambira kwa wokongoza.

Kuvuta kwake: borrow ndi wosavuta, zakale timangoti borrowed. Lend amapusitsa, chifukwa zakale ndi lent, osati lended. Komanso lend yekha ndiye amalola munthu kubwera pompo pambuyo pake: "lend me your bicycle" ndi zolondola, "borrow me" ayi.

Ngati chinthucho chikubwera kwa inu, nenani "can I borrow...?" Ngati mukupempha mwini wake kuti achite, nenani "can you lend me...?" Polemba kalata yopempha ngongole ku banki, inu ndinu borrower, banki ndi lender.