C-47 ya Manfred Jahn pa FSX: yaulere koma yopangidwa mwaluso

Ndege iyi ndi youlutsa pa kompyuta mu FSX (Microsoft Flight Simulator X, pulogalamu yoyeserera kuulutsa ndege). Anaipanga a Manfred Jahn ndi anzawo okonda ndege zakale, ndipo imapezeka mwaulere pa intaneti. Ineyo ndimaikonda kuposa zina zomwe ndinagula ndi ndalama.

C-47 ndi mtundu wa asilikali wa ndege ya DC-3, ndipo DC-3 inauluka koyamba mu 1935. Chomwe chinandigwira mtima ndi mainjini ake awiri a Pratt & Whitney R-1830. Poliza, injini imayamba yakhosomola utsi isanagwire bwino. Mukaikakamiza pokwera m'mwamba ma cowl flaps (tizitseko todutsa mpweya woziziritsa injini) ali otseka, singano ya kutentha imakwera inu mukuona. Koma ntchito yeniyeni ili pansi. Gudumu lachitatu lili kumchira, ndiye mukapanda kulikhoma musanayambe liwiro lonyamukira, ndege imakhotera kuudzu.

Ndimakonda kunyamukira pa Chileka, phiri la Michiru likuoneka pambali, chifukwa Air Malawi nayo inayamba ndi ma DC-3 mu 1964.

Chotopetsa n'kuiika mu kompyuta, poti mafoda mumakopera nokha pamanja. Ongoyamba kumene awerenge kaye malangizo omwe amabwera nayo asanakhudze chilichonse mu cockpit (chipinda choyendetsera ndege).