Kiliniki ya matenda a maganizo kuno ku Ntcheu, mmene ndaionera ine

Anthu akamva za matendawa amangoganiza zotumiza munthu ku Zomba Mental basi, ndiye ndati ndilembeko za kiliniki yomwe timapita ndi achimwene anga konkuno. Iwowa amagulitsa kachewere pa Lizulu. Chaka chatha anayamba zonena kuti anzawo apamsika akuwakonzera chiwembu, wina akaseka chapatali ati akuseka iwo, minibasi ikaima pafupi ati yabwera kudzawatenga, mpaka nsima ya alamu anaikana ati muli poizoni. Kwa asing'anga tinapitako koma zinangonyanya, poti kumeneko anawatsimikizira kuti eya alipo akukulodzani.

Chandisangalatsa kwambiri ndi anesi ake. Sanawatsutse, sanawavomerenso, anangofunsa kuti bambo mukugona bwanji, ndiye kunapezeka kuti atha masabata atatu tulo tosaoneka. Ine monga gadiyani anandikhazika pansi nkundifotokozera kuti munthu akasowa tulo uku ali ndi nkhawa thupi limangokhala tcheru, zinthu wamba zimayamba kuoneka zachilendo, ndiye mutu umasakasaka chifukwa chake ndipo umathamangira kugamula ndi kaumboni kochepa, kuyang'anidwa kamodzi kokha basi mdani wapezeka. Anatinso kudzitsekera m'nyumba komwe achimwene ankachita ndi kumene kumadyetsa manthawo, chifukwa kukacha ali bwinobwino amati ndapulumuka poti ndinabisala, sapeza mpata woona kuti panja panalibe wowasaka. Apa ndinamva chisoni zedi, ife tinkangowakalipira kuti asiye zopusa pomwe iwo mantha ake anali enieni. Zachamba ndi mowa anafunsanso, mwaulemu.

Anawapatsa mankhwala a matenda a maganizo otchedwa haloperidol, sabata yoyamba khosi linkauma manja kunjenjemera, titabwerera anachepetsa mlingo nkuwonjezera kapilitsi kena zinasiya.

Zodandaula zilipo. Mzere ndi wautali, ukafika 8 koloko utuluka masana, komanso kachipinda kake anthu apabenchi amamva zonse, tsono munthu woti akukayikira kale aliyense angamasuke bwanji? Mwezi wina mankhwala kunalibe tinakagula ku famase.

Komabe amene muli ndi m'bale wotere pitani naye, tengani kabuku kakuchipatala ndipo apite ndi munthu amene amamukhulupirira. Achimwene pano akudya nsima ya alamu, pamsika ayambiranso kupita kawiri pa sabata, ngakhale kukachuluka anthu amandiimbirabe foni kuti mlongo tabwera undiperekeze.