Mabayinokula anga a 10x50 patatha miyezi 7, ndi kanyenyezi kofiira ka kumpoto kaja

Ndinagula mu May ku Limbe, a kaunjika (10x50 ndiye kuti amakulitsa zinthu ka 10, magalasi akutsogolo ndi a mamilimita 50 m'mimba mwake), ndipo chomwe ndinkafuna chinali chimodzi basi, kuona nyenyezi yotchedwa Mu Cephei. Pano ndi December mvula yatseka kumwamba, ndiye ndati ndikuuzeni mmene zayendera.

Nyenyeziyi ndi chimphona chenicheni, m'mimba mwake imaposa dzuwa ka 1,000 kapena chapompo moti itaikidwa pamalo pa dzuwa dziko lathuli ndi Mars zingamezedwe, koma ili kutali kwambiri ndiye ndi maso chabe kuno ku Blantyre simungaitole. Katswiri wa zakuthambo William Herschel mu 1783 anaiyerekeza ndi mwala wofiira wa garnet. Vuto lathu ife ndi loti imakhala pansi kwambiri chakumpoto, ikakwera kwambiri ndi madigiri 15 okha, ndiye kwathu ku Chimwankhunda imagwera pamwamba penipeni pa kuwala kwa magetsi a mtauni, uku phiri la Ndirande.

Mu June ndinkadzuka cha m'ma 4 m'bandakucha, kuzizira koopsa, masiku ambiri chiperoni n'kundibweza. Chinyezi chimenecho ndi chomwe chinayambitsa nkhungu pagalasi lakumanzere, pano ndimasunga m'chigubu chotseka bwino ndi timapaketi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato, siinapitirire. Kalabala ka pa diso kanang'ambika mwezi wachitatu, zazing'ono izo.

Chomwe chinandisowetsa mtendere ndi kunjenjemera kwa manja. Pa 10x nyenyezi imangovinavina, mtundu wake osaoneka. Ndinadzazindikira mochedwa kuti kutsamira zigongono pampanda wa njerwa kumathetsa zonse, sitandi sindinagule mpaka lero.

Ndinaiona bwinobwino mu October cha m'ma 8 usiku, tsiku lomwe magetsi anazima dera lonse ndipo kamvula kanali katatsuka fumbi ndi utsi wa moto wolusa uja umadzaza m'mwamba nyengo imeneyo. Ndinayambira pa nyenyezi yowala yotchedwa Deneb, kutsika mpaka pa ina yotchedwa Alderamin monga pulogalamu ya pafoni yolozera nyenyezi ya Stellarium inkandilozera, kenako kukwera pang'ono chakumanja. Abale anga, kanali apo, kofiirira ngati khala la mbaula likamazilala, pakati pa tinyenyezi toyera. Ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone, anakhala chete kanthawi kenako akuti "bambo, kameneka kakuyaka ndithu". Ndinagona mochedwa usiku umenewo mtima uli mbee.

Kuwala kwake kumasinthasintha pang'onopang'ono pa miyezi yambiri, ine kusinthako sindinakugwirebe, mausiku abwino ndapeza ochepa. Koma amene akufunsa ngati 10x50 ikukwana pa nyenyezi ngati iyi, ikukwana, musathamangire telesikopu yodula. Ndalamayo ikhale ya minibasi, mupite chaku Lunzu komwe kumpoto kuli mdima. Ine ndikudikira May kuti ndiyambirenso m'bandakucha.