NDIS ya ku Australia chisinthireni malamulo mu 2024, ine ndaipatsa 3 pa 5

Kwa amene simukuidziwa, NDIS ndi thandizo la boma la Australia kwa anthu a ulumali, linayamba mu 2013 ndipo amayendetsa ndi bungwe la boma lotchedwa NDIA. Polembetsa uyenera kukhala usanafike zaka 65 komanso ukhale mzika kapena uli ndi chilolezo chokhaliratu, ndiye a viza ya sukulu pepani simulowamo.

Zabwino zilipo ndithu sindingakane. Munthu amapatsidwa pulani yakeyake, ndalama zolipira womuthandiza kusamba ndi kuvala, njinga ya olumala, therapy, ngakhale kukonza bafa kuti azilowamo yekha, ndipo ndalamazo utha kuyendetsa wekha, kupatsa plan manager (munthu wokuyendetsera ndalamazo) kapena kungowasiyira a NDIA. Nyenyezi zitatuzo zachokera pamenepa.

Zanditsitsa mtima ndi zomwe zinayamba pa 3 October 2024 nthawi imene Bill Shorten anali nduna yoona za NDIS. Pano kuli mndandanda eti, izi mugule izi musagule, ndipo chinthu chikakhala mbali yoletsedwa ngakhale iwe ukudziwa bwinobwino kuti ndi chimene chikukuthandiza pa ulumali wako sungagule, kupatula zinthu zina zochepa zomwe uyambe kaye kupempha chilolezo chapadera, mafomu enanso, kudikiranso. Ukagula molakwika akhoza kukuuza kuti ubweze ndalamazo. Kenako mu May 2025 anayambanso kumatulutsa ndalama m'magawo, kawirikawiri pa miyezi 3 iliyonse, koma thupi la munthu silidziwa kalendala abale, mwezi wina zinthu zimavuta ufunika wothandiza maola ambiri ndiye gawo likatha ukhale ukudikira?

Boma lili ndi mfundo yake, ndalama zimakwera koopsa ndipo akamberembere obera anthu a ulumali ndi ma invoice abodza analipodi. Mu April 2023 boma ndi maboma a zigawo za Australia anagwirizana kuti pofika July 2026 bajeti izikwera ndi 8 peresenti yokha pachaka. Chabwino, gwirani akubawo. Komatu Australia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali mu 2008, ndime 19 imati munthu azisankha yekha kokhala ndi wokhala naye, ndime 4 imati muziwafunsa eni ake musanasinthe malamulo owakhudza, ndipo mabungwe awo anadandaula kuti mndandanda uja anawapatsa nthawi yochepa kwambiri kuti aikepo maganizo. Mu 2021 boma linafunanso kubweretsa ma independent assessment (kuyesedwa ulumali ndi akatswiri osankhidwa ndi NDIA), anthu anakana mpaka linazisiya, ndimayesa aphunzirapo kanthu.

Kulembetsa lembetsani, thandizo ndi lenileni. Koma sungani malisiti onse, werengani mndandandawo musanagule kalikonse, ndipo akakukanizani chinthu, pa zigamulo zambiri muli ndi miyezi 3 yopempha kuti aonenso nkhani yanu, zikakanikanso pamenepo mukadandaule ku Administrative Review Tribunal, bwalo lounikanso zigamulo za boma, ndipo mupeze advocate (wokuyankhulirani) woti mupite naye.