Lenzi ya 50mm f/1.8 yandisiyitsa fulashi mmabala

Ndatha miyezi 7 ndikugwiritsa ntchito ka lenzi aka ndiye ndati ndilembeko, mwina zithandiza anzanga ojambula kuno ku Mulanje. Ine makasitomala anga ambiri ndi eni mabala ndi malesitilanti, pa Chitakale, pa boma, nthawi zina mpaka ku Luchenza. Amafuna zithunzi zoponya pa Facebook, koma osati za anthu ataima njo ngati akujambulitsa cha pa chiphaso ayi, amafuna munthu akuseka zenizeni, weita akutsitsa mbale ya chambo nthunzi ikufuka, anyamata ali kakasi pa pool table.

Chomwe chinkandisautsa ndi mdima. Lenzi yobwera ndi kamera ija ya 18-55 ukaizuma mpaka kumapeto imathera pa f/5.6 (nambala ya f ikamakula ndiye kuti bowo lolowera kuwala likuchepa), ndiye usiku umangokakamizika kuyatsa fulashi, ndipo fulashi ikangoti ng'ani basi aliyense watembenuka, wina wabisa botolo pansi pa tebulo, nkhope zili phuliphuli kumbuyo kuli bii, kukoma konse kwa malo aja kwathawa. Pa f/1.8 kuwala kolowa kumachuluka pafupifupi ka 10 kuposa pa f/5.6. Pano ndimangokhala pakona ndi Fanta wanga, ISO (mlingo wa momwe kamera imamvera kuwala) pa 1600 kapena 3200, anthu amaiwala zoti ndilipo. Chithunzi chomwe ndimachinyadira kwambiri ndinachijambula tsiku la chiperoni, madala atatu ofundira majekete akumwa tiyi pafupi ndi windo, kuwala kwake kwa pa windo pompo basi. Mwini malo anachisindikiza chachikulu nkuchipachika pa kauntala.

Koma musamangoisiya pa 1.8 nthawi zonse. Pamenepo malo owoneka bwino amachepa zedi, diso limatuluka bwino khutu lili mbuu, ndipo anthu akakhala awiri mmodzi amasowa. Ine ndimakonda 2.2 mpaka 2.8, fokasi pa diso la amene ali pafupi. Shata (nthawi yomwe kamera imatsegula kuti kuwala kulowe) ndimaisiya pa 1/100 ya sekondi, chifukwa magetsi athu ndi a 50Hz ndipo mababu ena a LED amaphethira, ukathamangitsa shata kwambiri zithunzi zina zimatuluka zowala zina zakuda. Ovina okha ndi omwe ndimawakwezera. Timagetsi tofiira ndi tabuluu tija timaononga khungu, ndiye ndimajambula RAW (fayilo yomwe kamera sinaikonze) ndikukakonza pa kompyuta, zikakanika ndimachisandutsa black and white.

Chondivuta chimodzi, sizuma, ndipo pa kamera yanga ya sensa yaying'ono imaona ngati 80mm. Mu ka bala kothina umabwerera mmbuyo mpaka msana wagunda khoma koma tebulo lonse osakwana. Chithunzi choonetsa chipinda chonse ndimabwererabe ku 18-55 madzulo kusanade.

Komanso abale, poti kajambula mwakachetechete sikuti tizingoba nkhope za anthu. Ine mwini malo amayamba walengeza, ndipo yense wooneka bwinobwino ndimamuonetsa pa sikilini ndikumufunsa, akakana ndimafufuta iye akuona. Ku bala anthu amabwera ndi nkhani zawo ndipo Mulanje ndi wamng'ono, timadziwana.

Nyenyezi 4 pa 5. Okutobala uno pa Mulhako ku Chonde mabala adzadzaza, ndikatenga komweka, ndipo ndayamba kale kusungira ya 24mm yoti izindithandiza mmalo othina.