Sort the Paragraphs ya H5P: yabwino pophunzitsa kusanja ziganizo, koma imadziwa yankho limodzi lokha

Mphunzitsi amene akufuna kuti ana azolowere kusanja ziganizo zosokonezeka mpaka zipange ndime yomveka angapindule ndi Sort the Paragraphs, imodzi mwa ntchito za mu H5P, pulogalamu yopangira zochita za ophunzira pa kompyuta ndi pa foni. Ndi yaulere, imalowa mu Moodle (pulogalamu yophunzitsira pa intaneti) ndi mu WordPress (yopangira mawebusayiti), ndipo kumene netiweki imavuta mutha kuikonza pa kompyuta ndi pulogalamu ya Lumi, n'kuisunga ngati fayilo ya HTML yotsegula popanda intaneti.

Kukonza kwake n'kosavuta. Mumalemba ziganizo m'ndondomeko yolondola, chilichonse m'bokosi mwake, pulogalamuyo n'kuzisokoneza yokha. Wophunzira amakoka chiganizo ndi chala kapena kudina timivi tokweza ndi kutsitsa. Pa foni ya sikirini yaing'ono timiviti ndiye tothandiza, chifukwa chiganizo chachitali chimavuta kuchikoka.

Nkhani ya moto wolusa imayenera bwino ntchitoyi poti chilichonse chimabala chinzake. Tengani moto wa Camp Fire umene unapsereza tauni ya Paradise ku California, m'dziko la America. Ziganizo zisanu ndi chimodzi zikukwana: dera linauma chifukwa mvula inachedwa, m'mawa wa pa 8 Novembala 2018 nthambo ya magetsi inathethetsa moto, mphepo yamphamvu inaulutsa makala patsogolo, moto unalowa m'tauni, misewu inadzaza ndi magalimoto a anthu othawa, anthu 85 anafa ndipo nyumba ndi zomanga zina zoposa 18,000 zinapsa.

Pofunika kusamala kwambiri ndi pa kaperekedwe ka malikisi. Pali njira ziwiri. Ya "positions" imayang'ana ngati chiganizo chili pamalo pake penipeni. Mwana akangotenga chiganizo chomaliza n'kuchiika pamwamba, zina zonse zimasendera pansi ndipo amapeza ziro, chonsecho zisanu anazilondoloza bwino. Zimenezi zimafooketsa mwana amene nkhaniyo waimva. Ya "transitions" imawerenga ziganizo zimene zatsatana molondola, ndiye mwana yemweyo apeza 4 pa 5, poti ziganizo zisanu ndi chimodzi zimalumikizana pamalo asanu. Pophunzitsa ndime sankhani yachiwiriyi, pakuti luso lenileni lagona pa kuona chimene chikulumikiza chiganizo ndi chinzake.

Chofooka chake chachikulu n'chakuti imavomereza ndondomeko imodzi basi. M'chitsanzo chathuchi, chiganizo cha kuuma kwa dera chitha kukhala choyamba kapena kubwera pambuyo pa cha nthambo, ndimeyo n'kumvekabe. Mwana woganiza bwino angalakwitsidwe popanda chifukwa. Mankhwala ake ali m'manja mwa mphunzitsi: mangani ziganizozo ndi mawu olozera m'mbuyo. Lembani kuti "udzu woumawo unagwira moto wochokera ku nthambo", kenako "mphepo inaulutsa makala a motowo". Timawu tolozera m'mbuyo ngati -wo wa mu "woumawo" ndi "motowo" timatseka njira zina zonse. Koma musayambe chiganizo chilichonse ndi "poyamba", "kenako", "pomaliza", chifukwa ana adzangosanja mawu amenewa osawerenga nkhani.

Musapitirire ziganizo zisanu ndi ziwiri. Zikachuluka sizionekera pamodzi pa foni, ndipo mwana amaiwala zam'mwamba pamene akuwerenga zam'munsi. Mabatani ake amabwera m'Chingerezi, koma mawu ake amasinthika, choncho pa "Check" mutha kulembapo "Onani yankho".