Ndemanga: ulendo woyenda pansi ku Bournville, mudzi wa banja la Cadbury (nyenyezi 4 mwa 5)

Mayi anga atabwera kudzationa kuno ku Birmingham, ndinkafuna kuwatengera kwina osati kumashopu kokhakokha. Mnzanga wa kuntchito ndiye ananditsina khutu za kakampani kena kamene kamayendetsa anthu wapansi ku Bournville Loweruka m'mawa, n'kumawafotokozera mbiri ya banja la Cadbury, lodziwika ndi kupanga chokoleti. Ndinagula matikiti atatu pa intaneti, a ine, mayi ndi mwana wanga wa zaka 12, pamtengo wosaboola m'thumba.

Kuchokera pa siteshoni ya New Street sitima imayenda mphindi ngati 15. Mukatsika simuchita kufunsa ngati mwafika. Zitsulo za pa siteshoni anazipaka utoto wapepo ngati pepala lokulungira Dairy Milk, ndipo mphepo ikachokera kufakitale fungo la chokoleti limakuchingamirani m'mbali mwa ngalande. Mayi anaima n'kununkhiza kawiri, kenako anati, "Iii mwanawe, ana a kuno amadya nsima n'komwe ndi fungo limeneli?"

Wotitsogolera anali bambo wachikulire amene anati anagwira ntchito m'fakitalemo mpaka kupuma. Nkhani anaiyambira pa John Cadbury, yemwe mu 1824 anatsegula sitolo pa 93 Bull Street m'tauni ya Birmingham, n'kumagulitsa tiyi, khofi ndi koko wakumwa. John anali wa chipembedzo cha Quaker, anthu amene amadzitcha Abwenzi. Kalelo anthuwa sankaloledwa kulandira digiri ku Oxford ndi Cambridge, ankakana kulumbira ndiponso kulowa usilikali, choncho ambiri anatsamira pa malonda. Mabanja a Fry ku Bristol ndi Rowntree ku York, omwenso anatchuka ndi chokoleti, anali a mpingo womwewo. John ankadana ndi mowa chifukwa cha mmene unkaphwasulira mabanja a anthu osauka, ndiye koko ankamuona ngati chakumwa cholowa m'malo mwake.

Ana ake, Richard ndi George, analandira bizinesiyo mu 1861 itatsala pang'ono kugwa. Chimene chinawadzutsa ndi makina ofinyira mafuta mu koko omwe George anakagula kwa Van Houten ku Netherlands, ndipo mu 1866 anayamba kugulitsa koko wosasakaniza ndi ufa wotchedwa Cocoa Essence. Mu 1879 anasamutsa fakitale kuchoka m'tauni ya utsi kupita kumunda, pafupi ndi njanji, ngalande ndi kamtsinje ka Bourn, komwe dzina la Bournville linachokera.

Kuyambira apa ndi pomwe ndalama yanga inagwira ntchito, chifukwa zomwe bamboyo ankanena tinkaziona ndi maso. Anatilowetsa m'misewu ya nyumba za njerwa zofiira zimene anajambula mnyamata wina, William Alexander Harvey, zomangidwa mosiyanasiyana, iliyonse ndi dimba lake kuseri. George anayamba kugula malowa mu 1893, ndipo mu 1900 anapereka nyumba 313 ndi maekala 330 m'manja mwa bungwe la Bournville Village Trust kuti mudziwo usakhale chuma chake kapena cha ana ake. Nyumbazo sizinali za antchito a Cadbury okha ayi, aliyense ankatha kukhalamo. Mitengo ya zipatso ankaibzaliratu mwini nyumba asanalowe. Mayi, omwe ndi mlimi wa moyo wawo wonse, anasuzumira pa mpanda wina n'kuwerenga mitengo ya maapozi ndi chala. Iwo chinawagwira mtima ndi chimenecho, kuti bwana anaganiza zoti wantchito akaweruka akhale ndi pogwira khasu pake. Bala la mowa simungalipeze m'kati mwa mudzi wakalewo.

Pabwalo la pakati pali kanyumba ka ngodya zisanu ndi zitatu kotchedwa Rest House, komwe antchito anasonkha ndalama n'kumanga mu 1914 pokumbukira zaka 25 za ukwati wa George ndi Elizabeth. Chapatsidya pali sukulu ya pulayimale yokhala ndi nsanja ya mabelu 48. Pafupi pomwepo pali nyumba yopemphereramo ya Abwenzi ya mu 1905, pamene pali phulusa la George. Mulibe guwa, mulibe m'busa. Anthu amakhala chete mpaka wina atamva mumtima kuti alankhule. Mayi anga ndi a Mvano, anakulira m'nyimbo ndi ulaliki, ndiye anafunsa kangapo kuti amadziwa bwanji kuti mapemphero atha. Wotitsogolerayo anawayankha mwaulemu kuti akulu awiri amagwirana chanza, basi.

Chomwe ndikulembera ndemanga yonseyi ndi chimene chinachitika titakhala pa udzu pafupi ndi nyumba yakalekale yotchedwa Selly Manor. Ndinkaganiza kuti tizingomva zotamanda banjali, poti munthuyo anadya mchere wa pakampanipo zaka zambiri. Koma anayamba yekha nkhani ya São Tomé, osadikira kuti wina afunse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, koko wambiri wa Cadbury ankachokera pa zilumba za São Tomé ndi Príncipe zomwe zinali m'manja mwa Apwitikizi. Olima kokoyo ankagwidwa m'kati mwa Angola, kuwayendetsa mpaka kunyanja, n'kuwasainitsa makontirakiti omwe sankawamva. Pa pepala anali antchito, koma kwawo sankabwererako. William Cadbury, mwana wa Richard, anamva zimenezi mu 1901. Anapita ku Lisbon kukadandaula, kenako makampani a chokoleti anatuma Joseph Burtt mu 1905 kuti akafufuze, ndipo anabwerako ndi umboni woti ndi ukapolo ndithu. Komabe kugula kunapitirira mpaka mu 1909, pamene anali atayamba kupeza koko ku Gold Coast, komwe lero ndi Ghana. Zaka zisanu ndi zitatu.

Nyuzipepala ya Standard inawanena kuti ndi achiphamaso, makamaka poti George anali mwini wa Daily News, yomwe inkadzudzula nkhanza za m'migodi ya ku South Africa. A Cadbury anakasuma, mlandu anapambana mu 1909, koma oweruza anawapatsa chipukutamisozi cha farthing imodzi yokha, kotala ya kobiri. Bamboyo anafotokoza mbali ya banjali, yoti ankakhulupirira kuti wogula wamkulu ali ndi mawu pamaso pa Apwitikizi kuposa amene wachoka. Kenako anasiya nkhaniyo m'manja mwathu. Ndikumasulira mayi, iwo anatchula thangata, zomwe agogo awo ankasimba za m'maesiteti. Ine maganizo anga ndi akuti William anali ndi mtima wofuna chilungamo, ndipo anayendadi maulendo ovuta chifukwa cha nkhaniyi, koma zaka zimenezo zinali zambiri kwa munthu amene ankafera m'munda wa koko pamene wantchito wa ku Bournville akuthyola maapozi kuseri kwa nyumba. Mwana wanga anafunsa mafunso ambiri pamenepa kuposa pena paliponse, ndipo bamboyo sanamuthamangitse.

Sanabisenso zoti mtsikana akakwatiwa ankasiya ntchito pafakitale, n'kupatsidwa Baibulo ndi duwa.

Nyenyezi yachisanu yatayika pa zinthu zitatu. Uthenga wotiuza malo okumanirana unafika usiku wa Lachisanu, ine nditayamba kale kuda nkhawa. Timawailesi ta m'khutu tomwe anatigawira, tiwiri tinathima tisanafike pakati, kamodzi kanali ka mwana wanga, ndipo tapadera panalibe. Chachitatu ndiye chinandiwawa: mbadwo wapambuyo anaudutsa mothamanga m'mphindi zochepa zomaliza, pamene m'menemo muli anthu oti munthu n'kukhala nawo tsiku lonse. Elizabeth Cadbury, amene anakhala ndi moyo mpaka 1951 akugwira ntchito za maphunziro ndi zaumoyo wa ana, anangomutchula pa nkhani ya ukwati. Beatrice, mwana wa Richard, yemwe anakana masheya ake n'kukakhala moyo wosalira zambiri ku Netherlands ndi mwamuna wake Kees Boeke, anamupatsa chiganizo chimodzi. Laurence, mwana wa George, anatumikira m'gulu la Abwenzi lonyamula ovulala lotchedwa Friends' Ambulance Unit pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse pamene m'bale wake Egbert anasankha kukhala woyendetsa ndege za nkhondo n'kugwetsa ma Zeppelin, zimabaluni zankhondo za Ajeremani. Ndinkafuna kumva kuti bambo wawo George, wodana ndi nkhondo, anazilandira bwanji. Za Adrian Cadbury, amene anapalasa bwato pa Olimpiki ya ku Helsinki mu 1952 n'kudzalemba lipoti la 1992 la kayendetsedwe kabwino ka makampani, ndi za Ruth Cadbury yemwe wakhala phungu wa nyumba ya malamulo kuyambira 2015, tinazimva tikuyenda kale kubwerera kusiteshoni. Kugulidwa kwa kampaniyo ndi Kraft, kampani ya ku America, mu 2010 anangokukhudza pang'ono, nkhope itagwa.

Ngati mukupita ndi achikulire, dziwani kuti ndi maola awiri ndi theka, ndipo pokhala pansi ndi pawiri pokha. Valani nsapato zofewa, tengani ambulera ndi madzi. Ulendowu sulowa m'fakitale kapena ku Cadbury World, malo oonetsera alendo za chokoleti, choncho ngati ana akuyembekezera chokoleti, konzani tikiti ina padera. Ife tinagula chathu pa kasitolo ka pafupi ndi bwalo, ndipo mayi anasungako mapaketi awiri a Dairy Milk oti akagawire anzawo a Mvano kumudzi.